Enzo Ferrari

Enzo Ferrari (18 Febuluwale 1898 – 14 Ogasiti 1988) anali dalaivala wa mipikisano ya magalimoto komanso mwini kampani wa ku Italy. Iye ndi amene anayambitsa timu ya Scuderia Ferrari mu 1929, ndipo pambuyo pake anakhazikitsa kampani yopanga magalimoto ya Ferrari m'tauni ya Maranello. Timuyi ndi yokhayo imene yakhala ikupikisana nawo chaka chilichonse mu Formula One kuchokera pamene mpikisanowu unayamba mu 1950. Ferrari ali moyo, madalaivala ake anakhala akatswiri a dziko lonse maulendo 9, timu yake inatenga chikho cha opanga magalimoto maulendo 8, ndipo magalimoto ake anapambana maulendo 9 pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans.

Kwa zaka pafupifupi 60, Ferrari ankasintha mainjiniya, madalaivala, mamanijala ndiponso makampani omugulitsa matayala, koma ulamuliro wa timu sanaupereke kwa munthu wina aliyense. Khalidwe limeneli linathandiza kuti timuyo isathe pa nthawi zovuta. Linachititsanso kuti pakhale mikangano yambiri komanso zaka zimene magalimoto ake ankatsalira kumbuyo.

Ubwana wake

Ferrari anabadwira mumzinda wa Modena, kumpoto kwa Italy. Bambo ake, a Alfredo, anali ndi shopu yosulirako zitsulo, ndipo mayi ake anali a Adalgisa Bisbini. Mu 1908, ali ndi zaka 10, bambo ake anamutengera ku Bologna kukaonera mpikisano wa magalimoto umene Felice Nazzaro anapambana. Kuyambira nthawi imeneyo ankafunitsitsa kudzakhala dalaivala wa mipikisano.

Mu 1916 bambo ake ndi mkulu wake anamwalira, ndipo bizinesi ya banjalo inagwa. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse analowa usilikali ndipo anapatsidwa ntchito yokhomera zitsulo ku ziboda za nyulu zonyamula zida m'mapiri. Anadwala kwambiri pa mliri wa chimfine wa mu 1918, moti anamuchotsa usilikali. Atachira anakafunsira ntchito ku kampani ya Fiat ku Turin, koma anamukana. Kenako analembedwa ntchito yoyesa magalimoto pa kampani yaing'ono ya CMN ku Milan, ndipo mpikisano wake woyamba unachitika mu 1919 pa msewu wokwera phiri wochoka ku Parma kupita ku Poggio di Berceto.

Ku Alfa Romeo

Mu 1920 Ferrari analowa kampani ya Alfa Romeo, ndipo chaka chomwecho anakhala wachiwiri pa mpikisano wa Targa Florio pa chilumba cha Sicily. Mu 1923 anapambana mpikisano wina pafupi ndi Ravenna. Kumeneko anadziwana ndi makolo a Francesco Baracca, woyendetsa ndege zankhondo amene anafa mu 1918. Mayi ake a Baracca anamulola kugwiritsa ntchito chithunzi cha hatchi yakuda yoimirira ndi miyendo yam'mbuyo, chomwe chinali pa ndege ya mwana wawo. Ferrari anachiika pa chikwangwani chachikasu, mtundu wa mzinda wa Modena, ndipo ndi chizindikiro cha kampaniyi mpaka lero. Mu 1924 anapambana mpikisano wa Coppa Acerbo ku Pescara.

Ngakhale ankayendetsa bwino, luso lake lalikulu linali lodziwa kusankha anthu. Anathandiza kukopa injiniya Vittorio Jano kuti achoke ku Fiat n'kupita ku Alfa Romeo mu 1923. Mu Novembala 1929 anayambitsa Scuderia Ferrari ku Modena mothandizidwa ndi anthu ena a chuma okonda mipikisano. Timuyi inkakonza ndi kuyendetsa magalimoto a Alfa Romeo, ndipo inkalandira thandizo kuchokera ku makampani ogulitsa mafuta, zipangizo ndi matayala monga Shell, Bosch ndi Pirelli. Ferrari anapikisana komaliza mu 1931. Mwana wake Alfredo, wodziwika kuti Dino, anabadwa mu Januwale 1932.

Mu 1933 Alfa Romeo inasiya kuyendetsa yokha timu ya mipikisano chifukwa cha mavuto azachuma, ndipo ntchitoyo inagwera Scuderia Ferrari. Pasanapite nthawi magalimoto a ku Germany a Mercedes-Benz ndi Auto Union, omwe ankalandira ndalama ku boma la Nazi, anayamba kupambana pafupifupi paliponse. Pofuna kuwayankha, mu 1935 timu ya Ferrari inapanga galimoto yotchedwa Bimotore, yokhala ndi mainjini awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Inkathamanga kwambiri pa msewu wowongoka, koma inali yolemera moti inkatha matayala mofulumira. Pa mpikisano wa ku Tripoli inkangoimaima kuti asinthe matayala, ndipo sinapambane. Mu Julayi chaka chomwecho vuto la matayala linagwera mbali ina. Pa bwalo la Nürburgring ku Germany, Tazio Nuvolari, yemwe ankayendetsa Alfa Romeo P3 yakale ya timu ya Ferrari, anapanikiza Manfred von Brauchitsch wa Mercedes-Benz mpaka tayala lam'mbuyo la von Brauchitsch linaphulika pozungulira komaliza. Nuvolari anapambana pamaso pa akuluakulu a boma la Germany.

Mu 1938 Alfa Romeo inabweza mipikisano m'manja mwake pansi pa dzina lakuti Alfa Corse, ndipo Ferrari anangokhala wolembedwa ntchito. Sankagwirizana ndi mkulu wa kampaniyo Ugo Gobbato komanso injiniya wa ku Spain Wifredo Ricart. Anachoka mu 1939 atasaina pangano lakuti kwa zaka 4 sadzaika dzina lake pa galimoto ya mpikisano.

Kuyamba kwa kampani ya Ferrari

Atachoka ku Alfa Romeo anayambitsa kampani ya Auto Avio Costruzioni. Kampaniyi inapanga magalimoto awiri otchedwa 815, omwe analowa mpikisano wa Mille Miglia mu 1940, koma onse sanamalize. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kampaniyi inkapanga makina ndi zipangizo za m'mafakitale. Mu 1943 inasamukira ku Maranello, kummwera kwa Modena, kumene fakitale yake inaphulitsidwa ndi mabomba mu 1944 ndi 1945.

Galimoto yoyamba yokhala ndi dzina lakuti Ferrari inatuluka mu 1947. Inkatchedwa 125 S, ndipo injini yake ya masilinda 12 inajambulidwa ndi Gioacchino Colombo. Franco Cortese anapambana nayo ku Rome mu Meyi chaka chomwecho. Mu 1949 Luigi Chinetti anapambana ku Le Mans ndi Ferrari 166 MM, zomwe zinatchukitsa dzinali kunja kwa Italy. Ferrari ankagulitsa magalimoto a pamsewu kwa anthu olemera kuti apeze ndalama zoyendetsera mipikisano.

Timuyi inapambana koyamba mu Formula One pa 14 Julayi 1951 ku Silverstone, pamene José Froilán González wa ku Argentina anagonjetsa magalimoto a Alfa Romeo. Pofika pa mpikisano womaliza wa chakacho ku Barcelona, Alberto Ascari wa Ferrari anali kumbuyo kwa Juan Manuel Fangio wa Alfa Romeo ndi mapointi awiri okha, ndipo ndi amene anayambira patsogolo. Koma timuyo inasankha mawilo am'mbuyo a mainchesi 16 m'malo mwa a mainchesi 18. Pa msewu wautali wowongoka wa bwalolo, matayala ang'onoang'onowo ankazungulira mofulumira kwambiri n'kumatentha, mpaka mphira wapamwamba unayamba kusupuka. Magalimoto a Ferrari anaima mobwerezabwereza, Ascari anamaliza wachinayi, ndipo ukatswiri unapita kwa Fangio. Ascari anadzakhala katswiri wa dziko lonse mu 1952 ndi 1953 ndi galimoto ya Ferrari 500 yojambulidwa ndi Aurelio Lampredi.

Matayala a Englebert ndi ngozi ya ku Guidizzolo

Mu 1954 ndi 1955 Ferrari inagonja kwa Mercedes-Benz, ndipo ndalama zinayamba kuchepa. Chithandizo chinachokera ku kampani ya Lancia, yomwe inasiya mipikisano Ascari atamwalira pa ngozi ku Monza mu Meyi 1955. Lancia inapereka magalimoto ake a D50 kwa Ferrari, Fiat inawonjezera ndalama, ndipo Jano anabwera kudzathandiza.

M'zaka zimenezo timuyi inkagwiritsa ntchito matayala a kampani ya ku Belgium ya Englebert. Pa mpikisano wa ku Monza mu 1956, mbali yopendekeka ya bwalolo, yomwe inali ya konkire yamabampu, inawononga matayalawo. Eugenio Castellotti ndi Luigi Musso, omwe ankalimbirana malo oyamba, matayala awo anasupuka mpikisano utangoyamba kumene. Fangio, yemwe chaka chimenecho ankayendetsa Ferrari, galimoto yake inathyoka chitsulo cha chiwongolero. Peter Collins, amene nayenso anali ndi mwayi wotenga ukatswiri, anatsika m'galimoto yake n'kumupatsa, monga malamulo a nthawiyo ankalolera, ndipo Fangio anakhala katswiri.

Pa 30 Juni 1956 Dino anamwalira ali ndi zaka 24 chifukwa cha matenda ofooketsa minofu. Kuchokera nthawi imeneyo Ferrari sankapitanso kawirikawiri ku mipikisano. Ankakhala ku Modena ndi ku Maranello n'kumadalira malipoti ndi matelefoni a anthu amene ankawatuma. Zimenezi zinapatsa mamanijala a timu mphamvu zambiri, chifukwa zimene mwini wake ankadziwa zinkadalira zimene iwo amuuza.

Pa 12 Meyi 1957, pa mpikisano wa Mille Miglia womwe unkachitika pa misewu ya anthu onse, tayala lakutsogolo la Ferrari ya Alfonso de Portago linaphulika pafupi ndi mudzi wa Guidizzolo galimotoyo ili pa liwiro lalikulu. De Portago, mnzake womuthandiza Edmund Nelson ndi anthu 9 oonerera anafa, ndipo 5 mwa oonererawo anali ana. Piero Taruffi anapambana mpikisanowo ndi Ferrari ina, koma unali womaliza kuchitika mwa mtundu umenewo. Ferrari ndi kampani ya Englebert anaimbidwa mlandu wophetsa anthu chifukwa chosasamala. Mlanduwo unatenga zaka 4. Akatswiri amene khoti linawafunsa anapeza kuti mwachionekere tayalalo linang'ambika litaponda kachitsulo konyezimira kokhomedwa pakati pa msewu, ndipo mu 1961 Ferrari anapezeka wosalakwa.

Imfa zinapitirirabe. Castellotti anali atafa kale mu Malichi 1957 akuyesa galimoto ku Modena. Mu 1958 Musso anafa ku Reims, ndipo Collins anafa ku Nürburgring. Nyuzipepala ya ku Vatican ya L'Osservatore Romano inamudzudzula Ferrari pomufanizira ndi Saturn, mulungu wa m'nthano za Aroma amene ankadya ana ake. Mike Hawthorn anatenga ukatswiri wa chakacho pomposa Stirling Moss ndi pointi imodzi, kenako anasiya mipikisano. Englebert itachoka mu Formula One, timuyo inayamba kugwiritsa ntchito matayala a Dunlop mu 1959.

Kuchoka kwa akuluakulu mu 1961

Ferrari sanaphunzire uinjiniya kusukulu, ngakhale kuti yunivesite ya Bologna inamupatsa digiri yaulemu mu 1960. Iye ankakhulupirira kuti chopambanitsa galimoto ndi injini yamphamvu. Chifukwa cha zimenezi anachedwa kulandira mabuleki amakono a disiki komanso kusamutsira injini kumbuyo kwa dalaivala, pamene timu ya ku Britain ya Cooper inapambana ndi njira imeneyi mu 1959 ndi 1960. Atavomera kusintha, Carlo Chiti anajambula Ferrari 156, ndipo Phil Hill wa ku America anakhala nayo katswiri mu 1961. Ukatswiriwo unadziwika ku Monza pa tsiku limene mnzake wa mu timu, Wolfgang von Trips, anafa pa ngozi pamodzi ndi oonerera 15.

Patangopita milungu yochepa, akuluakulu a kampaniyi anadandaula kuti mkazi wa Ferrari, Laura, ankalowerera kwambiri pa ntchito zawo. Ferrari sanagonje, ndipo anthu 8 anachoka. Ena mwa iwo anali Chiti, injiniya Giotto Bizzarrini, manijala wa timu Romolo Tavoni ndi mkulu wa zamalonda Girolamo Gardini. Angapo anakayambitsa kampani ya ATS, yomwe sinapite patali. Ferrari anakweza Mauro Forghieri, mnyamata wa zaka 26, kuti atsogolere mainjiniya. Mu 1962 timuyo sinapambane mpikisano uliwonse wa ukatswiri wa Formula One, koma mu 1964 John Surtees anakhala katswiri ndi galimoto ya Forghieri. Surtees nayenso anachoka pakati pa chaka cha 1966 atayambana ndi manijala Eugenio Dragoni ku Le Mans, pa nthawi imene ambiri ankaona kuti akanatha kutenganso ukatswiri.

Ford ndi Fiat

Mu 1963 kampani ya ku America ya Ford inatsala pang'ono kugula Ferrari. Zokambirana zinatha mu Meyi chifukwa Ferrari anaona kuti pangano linkafuna kuti azipempha chilolezo ku Ford akafuna kuwonjezera ndalama zoyendetsera mipikisano. Henry Ford II anakwiya n'kulamula kuti apange galimoto ya GT40. Ferrari inali itapambana ku Le Mans chaka chilichonse kuyambira 1960 mpaka 1965, koma kuchokera 1966 mpaka 1969 Ford ndi imene inkapambana.

Kupikisana m'magulu angapo nthawi imodzi kunatha ndalama za kampaniyi. Mu Juni 1969 Ferrari anagulitsa theka la masheya ku Fiat, kampani yomwe inamukana ntchito zaka 50 m'mbuyomo. Fiat inatenga udindo wa magalimoto a pamsewu, pamene timu ya mipikisano inatsala m'manja mwake. Mu 1972 bwalo loyeserapo magalimoto la Fiorano linatsegulidwa pafupi ndi fakitale, ndipo Ferrari anali ndi ofesi pomwepo.

Lauda, Michelin ndi Scheckter

Chaka cha 1973 chinali choipa. Forghieri anali atamusunthira ku ntchito zina, timu sinapambane, ndipo inajomba mipikisano ya ku Netherlands ndi ku Germany. Ferrari anabwezeretsa Forghieri, anapatsa Luca di Montezemolo udindo woyang'anira timu, ndipo analemba Niki Lauda wa ku Austria. Kampaniyi inasiyanso mipikisano ya mtundu wa Le Mans kuti mphamvu zonse zipite ku Formula One. Lauda anakhala katswiri mu 1975. Pa 1 Ogasiti 1976 anapsa kwambiri pa ngozi ku Nürburgring, koma anabwerera patangotha milungu 6. Pa mpikisano womaliza ku Japan anaimitsa galimoto chifukwa cha mvula yamphamvu, ndipo James Hunt anamuposa ndi pointi imodzi. Ubale wake ndi Ferrari unasokonekera. Anatenganso ukatswiri mu 1977, koma anachoka chaka chisanathe. Pa zaka zimenezi mpando wa manijala unasintha kangapo. Montezemolo atachoka kunabwera Daniele Audetto mu 1976, Roberto Nosetto mu 1977 ndi Marco Piccinini mu 1978.

Mu 1978 Ferrari anasiya matayala a Goodyear, omwe pafupifupi matimu onse ankagwiritsa ntchito, n'kutenga a Michelin a mtundu wa radial. Matayala amenewa nsambo zake zam'kati zimadutsa mopingasa kuchoka mbali ina ya wilo kupita mbali ina, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mphira uzigunda bwino msewu. Carlos Reutemann anapambana nawo ku Brazil, ndipo kameneka kanali koyamba kuti Michelin ipambane mu Formula One. Anapambananso mipikisano ina itatu, koma matayalawo ankagwira bwino pa mabwalo ena n'kukanika pa ena, moti ukatswiri unapita kwa Mario Andretti wa Lotus.

Mu 1979 timuyi inali ndi Gilles Villeneuve wa ku Canada ndi Jody Scheckter, wobadwira ku East London ku South Africa. Galimoto yatsopano ya 312 T4 inayamba kupikisana mu Malichi ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg. Mvula inasokoneza mpikisanowo, ndipo Scheckter anatsogola kwa nthawi yaitali mpaka matayala ake anatha n'kukasintha. Villeneuve anapambana, Scheckter anakhala wachiwiri. Pambuyo pake Scheckter anapambana ku Belgium, ku Monaco ndi ku Monza, n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Mpaka pano ndi munthu yekhayo wa ku Africa amene anatenga ukatswiri umenewu.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Matimu a ku Britain anali atadziwa kuumba pansi pa galimoto m'njira yakuti mpweya uziyikokera pansi kuti izikhota mofulumira. Injini ya Ferrari ya masilinda 12 inali yotambalala kwambiri moti inkatchinga njira ya mpweyawo. Mu 1980 timuyo inapeza mapointi 8 okha n'kukhala ya nambala 10. Scheckter analephera ngakhale kulowa mpikisano wa ku Canada, ndipo Villeneuve anawomba khoma ku Imola tayala lam'mbuyo litaphulika.

Zaka zomaliza ndi imfa yake

Mu 1981 Ferrari anayamba kugwiritsa ntchito injini ya turbo ndipo analemba injiniya wa ku Britain Harvey Postlethwaite kuti akonze thupi la galimoto. Mu 1982 timuyo inabwerera ku matayala a Goodyear. Galimoto ya chaka chimenecho inali yabwino, koma Villeneuve anafa ku Zolder pa 8 Meyi, ndipo Didier Pironi anavulala miyendo ku Hockenheim mu Ogasiti akutsogola pa mapointi. Timuyo inatengabe chikho cha opanga magalimoto mu 1982 ndi 1983. Forghieri anachotsedwa pa ntchito za Formula One pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo anachoka pa kampaniyi mu 1987. Michele Alboreto anakhala wachiwiri pa ukatswiri wa 1985. Kumapeto kwa 1986 Ferrari analemba John Barnard, yemwe anali ku McLaren, n'kumulola kujambula magalimoto ali ku Guildford ku England, zomwe sizinasangalatse ambiri ku Maranello. Gerhard Berger anapambana ku Japan ndi ku Australia kumapeto kwa 1987.

Laura anamwalira mu 1978. Pambuyo pake Piero, mwana amene Ferrari anabereka ndi Lina Lardi mu 1945, anayamba kugwiritsa ntchito dzina la bambo ake. Galimoto ya pamsewu yomaliza imene Ferrari anaivomereza inali F40 ya mu 1987. Mu Juni 1988 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anayendera Fiorano, koma Ferrari anali akudwala ndipo anangolankhulana naye pa telefoni.

Ferrari anamwalira ku Modena pa 14 Ogasiti 1988 ali ndi zaka 90, ndipo anaikidwa m'manda mwakachetechete pafupi ndi Dino. Pa 11 Sepitembala, Berger ndi Alboreto anamaliza woyamba ndi wachiwiri ku Monza. Pa mipikisano 16 ya chaka chimenecho, umenewu unali wokhawo umene McLaren sinapambane. Fiat inakweza masheya ake kufika pa 90 peresenti, ndipo Piero anatsala ndi 10 peresenti. Dalaivala wa Ferrari sanakhalenso katswiri wa dziko lonse mpaka mu 2000, pamene Michael Schumacher anapambana patatha zaka 21 chipambanire Scheckter.